Kukaonera zisudzo mumzinda wa Tete: kozipeza, zonyamula ndi pokhala

Munthu wochokera ku Ulongwe, ku Furancungo kapena ku Tsangano akafika mumzinda wa Tete n'kufunsa kuti nyumba ya zisudzo ili pati, ambiri amangomuyang'ana. Ku Maputo funsoli lili ndi yankho: kuli Teatro Avenida, kwawo kwa gulu la Mutumbela Gogo limene Manuela Soeiro analiyambitsa mu 1986, kulinso gulu la Gungu la Gilberto Mendes, la mu 1992. Kuno zisudzo zilipo ndithu, koma zilibe khomo limodzi loti muzikagogoda Loweruka lililonse. Lero zili m'holo ya parishi, mawa pabwalo la sukulu, mkuja pamsika ku Moatize. Ntchito yoyamba ya woonera ndi kuzisaka. Akazipeza adziwenso kuti sanapite kukapinda manja, chifukwa zambiri mwa izo siziyenda popanda iye kuyankha, kuimba nawo, kuponya kandalama, mwinanso kulowa m'bwalo momwe.

1. Dziwani kaye chimene mukufuna kuona

Pali sewero la kutsogolo, la magulu a achinyamata a m'mabairro (madera a mumzinda), a kusekondale ndi a kumipingo. Osewera amakhala uko, inu pabenchi kuno, nkhani n'kuyenda mpaka kumapeto. Nkhani zake n'zapakhomo: bambo amene walandira malipiro a kumgodi wa malasha n'kukawasiya onse ku baraka, kumalo omwera mowa, apongozi olamulira banja la mwana wawo, mnyamata wa kumudzi amene tauni yamuzunguza mutu. Ngati mukufuna kuseka, yambani ndi limeneli.

Palinso sewero la pabwalo, limene kawirikawiri limabwera ndi mabungwe a zaumoyo kapena a zaufulu wa ana ndi amayi. Ili limaima pakati n'kuuza oonera kuti achitepo kanthu. Ena amalinyoza kuti ndi msonkhano chabe wovala zigamba, ndipo nthawi zina sanama, chifukwa gulu likakhala laulesi limangolakatula uthenga umene bungwe lawalembera. Koma likagwera m'manja mwa odziwa, bwalo limatentha kuposa pa sewero lina lililonse.

Kenako magule. Kuli nyanga ya Anyungwe, imene ovina amazungulira aliyense akuliza zitoliro zake zabango, akuimba ndi kuponda pansi nthawi imodzi. Kuli mafuwe, chintali cha amayi, ingoma ya Angoni a ku Angónia, ndi Gule Wamkulu. Guleyu ndamuika m'malangizo ano chifukwa amakuzungulirani, amakuthamangitsani, amakusekani, ndipo simungamuonere muli kunja kwa zochitikazo. Koma eni ake samutcha sewero, inunso musamutche choncho pamaso pawo.

2. Tcherani khutu kumene uthenga umadutsa

Zikwangwani n'zochepa, choncho yambani ndi wailesi. Nthambi ya ku Tete ya Rádio Moçambique imaulutsa m'Chipwitikizi, m'Chinyungwe ndi m'Chinyanja, ndipo m'madistrito muli mawailesi a m'madera, monga ya ku Ulongwe. Mverani nthawi ya zidziwitso ndi mapulogalamu a achinyamata. Mukamva kasewero ka pawailesi kamene kakusangalatsani, sungani dzina la gululo, poti nthawi zambiri omwewo ndi amene amasewera pabwalo.

Lamlungu mapemphero akatha musathamangire kunyumba zolengeza zisanathe. Magulu a achinyamata a kumipingo amasewera pa Khirisimasi, pa Pasaka ndi pa masiku osonkhetsa ndalama. Lachisanu Loyera maparishi ena a Akatolika amachita Njira ya Mtanda yamoyo, asilikali achiroma atavala zisoti za makatoni, wosenza mtanda akugwa m'fumbi lenileni, khamu likuyenda nawo mumsewu. Amene anabwera kudzangoona amapezeka kuti wasanduka mmodzi wa anthu a ku Yerusalemu. Simufunika kukhala Mkatolika kuti muyende nawo, kungoti muyende mwaulemu, pakuti anzanuwo akupemphera.

Kusukulu nako musakuiwale: masekondale ndi sukulu zaukachenjede za UniPúnguè, UniZambeze ndi Instituto Superior Politécnico de Tete. Simufunika kuyamba ndi ofesi ya mkulu wa sukulu. Mlonda wa pageti amadziwa masiku amene ana amatsalira kuti ayeserere, ndipo amadziwa mphunzitsi amene amawatsogolera.

Ngati mukufuna njira ya boma, mumzinda muli ofesi ya chigawo yoona za chikhalidwe, ndipo m'madistrito nkhani za chikhalidwe zimadzera ku ofesi ya SDEJT, yomwe imayang'aniranso maphunziro ndi achinyamata. Magulu ofuna kupikisana pa Festival Nacional da Cultura amalembetsa kumeneko. Chikondwererochi chimayambira m'madistrito, opambana n'kukakumana pa chigawo, kenako a dziko lonse. Ine ndimakonda gawo la m'distrito ndi la chigawo, chifukwa pa tsiku limodzi mumaona magulu ambiri motsatizana, abwino ndi osakonzeka omwe, n'kudziwa oti muziwatsatira chaka chonse.

Masiku ena angolembani pakalendala. Pa 21 Malichi ndi tsiku la mzinda wa Tete, umene unakwezedwa kukhala mzinda mu 1959. Pa 27 Malichi ndi tsiku la zisudzo padziko lonse. Pa 7 Epulo, tsiku la amayi a ku Mozambique, pa 1 Juni, tsiku la ana, ndi pa 25 Juni, tsiku la ufulu wodzilamulira, magulu amaitanidwa kukasangalatsa anthu. Kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala, masiku 16 olimbana ndi nkhanza kwa amayi, mkati mwake muli 1 Disembala, tsiku la Edzi, ndiyo nyengo imene sewero la pabwalo limachuluka.

Za Facebook ndi WhatsApp n'zosavuta. Chimene mukufuna ndi nambala ya munthu mmodzi wa m'gulu. Osewera amadziwana, ndipo nambala imodziyo ikufikitsani kwa ena onse.

3. Imbani foni musananyamuke

Uthenga wa Lachiwiri sutanthauza kuti Loweruka zinthu zili momwemo. Holo ikhoza kutengedwa ndi ukwati, magetsi akhoza kuthima, m'bairro mukhoza kugwa maliro. M'mawa wa tsikulo imbani: "Pepani achimwene, ndamva kuti lero muli ndi sewero. Kodi likadalipo? Malo ndi omwe aja?" Mukatero funsani ola limene iwo eni afike pamalopo, chifukwa limeneli ndi limene limakuuzani zoona kuposa lolembedwa pachidziwitso. Ngati sewero lili mkati mwa mwambo wa boma, dziwani kuti lidikira akuluakulu afike ndi kulankhula, ndipo lingabwere kumayambiriro kapena kumapeto kwenikweni.

Funsaninso chilankhulo. Mumzinda osewera amasakaniza Chipwitikizi ndi Chinyungwe. Ife olankhula Chichewa timamva zambiri za m'Chinyungwe, koma nthabwala ikathamanga imatisiya, anzathu akugubuduka ndi phwete ife tikungomwetulira mwaulemu. Musachite manyazi kukhala pafupi ndi Mnyungwe amene angakunong'onezeni zimene zakudutsani. Ku Angónia, ku Macanga, ku Tsangano ndi ku Chifunde vutoli kulibe.

Ngati mukupita ndi ana, funsani nkhani yake. Sewero la makondomu kapena la nkhanza za m'banja sililankhula mokuluwika.

4. Konzani ulendo wobwerera musanakonze wopita

Mzinda wagawika pakati ndi Zambezi. Ngati sewero lili ku Matundo kapena ku Chingodzi inu mukukhala ku Josina Machel kapena ku Francisco Manyanga, muwoloka mlatho wa Samora Machel, ndipo nthawi yoweruka kuntchito pamlathopa pamathina. Moatize ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Kupita masana ndi chapa, minibasi yonyamula anthu, sikuvuta. Kubwerera usiku ndiye nkhani, poti machapa amachepa kukada. Panganani ndi wa txopela, kagalimoto ka mawilo atatu, kapena wa njinga yamoto amene mumamudziwa, mugwirizane mtengo kukadawala, ndipo mutenge nambala yake.

Kutentha musakuderere. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo holo ya malata yodzaza thithithi masana imafoola ngakhale wamphamvu. Nyamulani madzi okwanira, chipewa kapena ambulera ngati ndi panja, ndi kapulana (chitenje), imene ikhala mphasa yanu, mthunzi wanu ndi chotchingira fumbi. Mukakwera ku Angónia mu Juni kapena Julaye zinthu zimatembenuka. Kumtundako n'kopitirira mamita 1,000, ndipo dzuwa likangolowa chisanu chimaluma. Tengani juzi ngakhale mwanyamuka ku Tete mukutuluka thukuta. Ulendo wa ku Ulongwe, wodzera msewu wa N7 n'kukhotera pa Mussacama, ndi wopitirira makilomita 200, choncho muuwerengere kuti mukagona konko.

5. Sinthani ndalama

Masewero ambiri a pabwalo ndi aulere, ndipo a m'holo akakhala olipira mtengo wake sukhala wothyola msana. Koma wapakhomo sakhala ndi chenje cha mametikali 500 kapena 1,000. Nyamulani ma 20, ma 50 ndi makobiri. M-Pesa ndi e-Mola zimathandiza ngati gulu lapereka nambala, koma m'bwalo simungaponye foni.

Pano ndinene mosabisa. Gulu lodziimira palokha limadzilipirira chapa, limabwereka zokuzira mawu, limasoka zovala ndi ndalama za m'thumba mwa mamembala, amene ambiri ndi ana asukulu kapena osagwira ntchito. Kunena pakhomo kuti "ndine mlamu wake wa mtsogoleri" kuti mulowe ulere ndi kudyera mwana wamasiye. Lipirani, ndipo ngati ndi zaulere koma chipewa chikuyenda, ikanimo kanthu. Wosewera akakufikani pamtima, kumufupa sewero lili mkati n'kololedwa m'malo ambiri, bola muike ndalamayo pambali n'kubwerera msanga, osati kukaima pakati kuti anthu akuoneni.

6. Sankhani pokhala

M'holo mopanda zokuzira mawu khalani kutsogolo, chapakati. Ngati zilipo, talikiranani nazo, chifukwa zimakhala zotsegulidwa mpaka kumapeto ndipo mawu amasweka. Pafupi ndi zenera kapena khomo pamapita mphepo, koma pamadutsanso anthu ndi phokoso la kunja. Musankhe nokha chimene mungapirire.

Pabwalo anthu amapanga bwalo lozungulira, ana pansi kutsogolo, akuluakulu kumbuyo. Imani dzuwa lili kumsana kwanu. Mipando yoyalidwa nsalu ndi ya secretário wa bairro, mafumu ndi alendo oitanidwa, musakhalepo musanalozeredwe. Onaninso mpata umene osewera akulowera ndi kutulukira, nthawi zambiri wolunjika kuseri kwa nyumba kapena kwa galimoto kumene akuvalira, ndipo musautseke.

Kuno woonera sakhala phee. Munthu woipa akalowa amamukuwiza, mayi wozunzidwa amamulangiza mokweza, nyimbo ikayamba onse amalandira. Chitani nawo, osewera amadalira zimenezo. Chosafunika ndi kukuwa mathero a nkhani chifukwa munaionerapo kale, kuyankha foni pakati pa anthu, kapena kutchula dzina lenileni la wosewera kuti anthu adziwe kuti mumamudziwa. Kujambula kachigawo n'kutumiza kwa anzanu kumathandiza gulu kutchuka. Kujambula sewero lonse n'kuliika pa intaneti osapempha kumawalanda anthu amene akanabwera kudzalipira sabata yamawa.

7. Akati "lowani", lowani

Sewero lokambirana, limene osewera amalitcha teatro fórum, linachokera kwa Augusto Boal wa ku Brazil, amene anamwalira mu 2009. Ku Mozambique linafala kwambiri kudzera ku gulu la Teatro do Oprimido la ku Maputo, limene linaphunzitsa magulu a m'zigawo, makamaka pa nkhani ya Edzi. Mukadziwa mmene limayendera simungadzidzimuke.

Osewera amayamba ndi kasewero kakafupi kamene kamatha moipa mwadala. Tinene kuti mtsikana wa zaka 15 akuchotsedwa sukulu kuti akwatiwe ndi wamalonda amene bambo ake ali naye ngongole. Mayi akulira koma sakuyankhula, malume alandira kale kangachepe, mphunzitsi wabwera kudzafunsa n'kubwezedwa pakhomo. Mtsikana akunyamula kachikwama, sewero n'kuima. Apa pamatulukira wotsogolera zokambirana, amene amatchedwa curinga, n'kufunsa: "Amayi ndi abambo, mwaona nokha. Kodi zatha bwino?" Bwalo limati ayi. "Nanga inuyo mukanatani?" Munthu akayamba kufotokoza ali pomwe waimapo, curinga amamudula: "Musatiuze, amayi. Bwerani mudzationetse."

Sewero limayambiranso, ndipo pamene mukuona kuti apa zinthu zikanakhota, mumakuwa kuti liime. Mumalowa, amakupatsani mpango kapena chipewa cha munthu amene mukumulowa m'malo, n'kuyesa nzeru yanu. Malamulo ake ndi ochepa koma ndi ofunika. Mulowe m'malo mwa wozunzidwayo kapena wa amene angamuthandize, monga mayi, azakhali kapena mphunzitsi. Musalowe m'malo mwa bambo wouma mtima n'kumusandutsa wachifundo mwadzidzidzi, chifukwa kunyumba kwenikweni sizichitika choncho, ndipo curinga afunsa bwalo ngati zimenezo n'zotheka, bwalo likukanani. Musabweretse zozizwitsa, zoti mwatola chikwama cha ndalama panjira ngongole yatha. Ndipo musamenye munthu. Wosewera uja ndi mwana wa eni ake, ngakhale wakukwiyitsani chotani.

Yembekezerani kuti osewera akuvutani. Anaphunzitsidwa kusagonja msanga. Mukati "ndikukanenani kupolisi", bambo uja akufunsani kuti akamangidwa ana enawa adya chiyani, ndipo malume akukumbutsani kuti nkhani za pabanja sizipita kwa alendo. Pamenepo m'pamene pamafunika kudziwa zenizeni: kuti lamulo nambala 19/2019 limaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndipo limalanga ngakhale achibale oupangitsa, kuti nambala ya 116 ya Linha Fala Criança ndi yaulere, kuti kupolisi kuli ofesi yolandira madandaulo a mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza. Mukagonja palibe chamanyazi. Anthu aona kuti njira imeneyo ndi yoterera, wina n'kulowa ndi ina. Mphindi zochepa zikwana. Curinga akakuthokozani bwezani mpango wa eni ake, mutuluke, musasandutse bwalo guwa lolalikira.

Chenjezo limodzi. Nkhanizi zimafanana ndi za anthu enieni amene aima pomwepo. Musaloze munthu, musatchule banja la m'bairro kuti "ngati a uje aja".

8. Ku Gule pitani ndi mwini mudzi

Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu wa Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kuti ndi chuma cha anthu onse, pamodzi ndi timbila, nyimbo za mangolongondo za Achopi, ndipo mu 2008 analembedwa pa mndandanda wake. Masiku ano mungamuone mumzinda pa zikondwerero, masana, pabwalo la mpira kapena patsogolo pa akuluakulu a boma. Ngati simunamuonepo, yambirani pamenepo. Kungoti zimene mukuonazo n'zodulidwa: chilombo chimapatsidwa mphindi zochepa, wolengeza akuyang'ana wotchi.

Gule wathunthu ali kumudzi, ku Angónia, Macanga, Chifunde, Tsangano, Chiúta ndi Marávia, makamaka anthu akakolola mpaka mvula isanagwe. Amatuluka pa maliro, pa chiliza, pa chinamwali ndi polonga mfumu. Kumeneko simugula tikiti, mumapita ngati mlendo wa munthu. Pezani mnzanu wa m'mudzimo, akakuperekeni kwa anyakwawa kapena amfumu musanafike pabwalo. Mawu ake ndi ochepa: "Zikomo amfumu, ndine mlendo wa akuno, ndabwera kudzaona nawo gule." Kanthu kakang'ono m'manja sikalakwika. Funsaninso kuti mwambowo ndi wanji. Ngati ndi maliro, yambani mwakapepesa kusiwa, ndipo valani moyenera. Amayi amange kapulana.

Pabwalo pali atsabwalo, amene amasunga dongosolo. Kumene akuimikani, imani komweko. Oimba ng'oma amakhala mbali yawo, amayi oimba ndi kuwomba m'manja mbali yawo, ndipo njira imene zilombo zimatulukira isatsekedwe. Chilombo chikathamangira mbali yanu anthu amabalalika, inunso balalikani nawo, musaime njii kuti muonetse kulimba mtima. Mukakumana nacho panjira, patukani. Musachikhudze, musachitsate kumene chikupita, musayerekeze kunena kuti mwazindikira mayendedwe a uje. Pamaso pa eni ake chimenecho ndi chilombo chochokera kumanda, ndipo mawu ena aliwonse ndi mlandu umene ungathere pa nkhuku kapena mbuzi. Kudambwe, kumene zilombo zimachokera, wosalowa safikako, ndipo nthawi zambiri njira yake imakhala ndi chizindikiro. Za kumeneko sizilembedwa, pano simuzipeza. Safunsa anadya phula, koma funsani mnzanu uja motsitsa mawu, ndipo akati "zimenezo zisiyeni", zisiyeni.

Chithunzi musajambule musanapemphe kwa atsabwalo kapena amfumu. Midzi ina imalola mukapereka kanthu, ina imakana. Pofupa, onani mmene eni mudzi akuchitira. Kawirikawiri ndalama imaponyedwa pansi patsogolo pa chilombo kapena imaperekedwa kwa wochiperekeza. Oimba ng'oma musawaiwale, makamaka wa mbalule, ng'oma imene imatsatira mapazi a chilombo. Iye akaphonya, gule amaima n'kumuyang'ana, bwalo lonse n'kudziwa wolakwa.

Kuti musangoona fumbi ndi nthenga, mverani nyimbo za amayi, chifukwa nkhani ya chilombo chilichonse ili m'nyimbo yake. Chadzunda amalowa ngati nkhalamba yotsimphina, koma ng'oma ikakolera amavina mwamphamvu zodabwitsa, ndipo ndi tate wa zilombo. Maliya ndi wankhope yachikazi, wodekha. Simoni wofiira nkhope amaseka mlendo wosadziwa miyambo. Makanja ndi wamtali kuposa denga. Kapoli wa nthenga amaimba ndi mawu opyapyala, amayi n'kumulandira. Palinso zilombo zatsopano zimene zimadzudzula zimene mudzi waona posachedwa, kuledzera, chiwerewere, umbombo wa olemera, ndipo anthu akaseka kwambiri dziwani kuti mwala wagwera pafupi. Zilombo zikuluzikulu monga Kasiyamaliro zimakonda usiku ndi mbandakucha, ndipo Njovu satuluka wamba. Ngati mukufuna kuona zimenezi, konzekani kuchezera, ndipo khalani pafupi ndi amene anakubweretsani usiku wonse, pakuti mowa ukachuluka si onse amene amakumbukira kuti ndinu mlendo wa amfumu.

Mipingo ina imaletsa anthu ake kuonera gule. Zimenezo mukambirane ndi mtima wanu muli kunyumba, osati kukayambitsa mtsutso pabwalo la eni.

Wofuna kuona magule a mayiko atatu pamalo amodzi apite ku Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi Loweruka lomaliza la Ogasiti. Kuchokera ku Tete njira yake ndi yodzera pachipata cha Cassacatiza, ndipo mapepala oyendera akhale okonzeka.

9. Sewero likatha musathawe

Izi n'za magulu a zisudzo, osati zilombo. Dikirani osewera avule zovala, kenako kawapatseni moni. Auzeni chinthu chimodzi chenicheni chimene chakugwirani, ndipo ngati kumbuyo mawu samamveka auzeninso, poti iwo sangadzimve okha. Funsani tsiku la sewero lotsatira ndi kumene amayeserera. Magulu ambiri salinda kuti mukhale katswiri kuti akulandireni ku ensayo, koyeserera kuja. Amasowa wogwira nsalu yotchinga, wosoka, wobwereketsa mpando wakale kapena foni yojambula bwino.

Ngati mukufuna kuwaitana ku bairro kwanu, kusukulu kapena kumpingo, yambani mwadziwitsa secretário wa bairro kapena mwini malo, musankhe ola limene dzuwa lapendeka, ndipo mugwirizane ndi gulu zinthu zitatu tsikulo lisanafike: ndalama ya chapa yopita ndi yobwerera, madzi ndi chakudya, ndi chimene adzalandire pamapeto. Ya chapayo atumizireni dzulo lake.